Lamulungu, 29 Okutobala, kwathu ku Angónia

Ndadzuka kusanache chifukwa cha kuyabwa kwa m'zigongono. Ku Ulongwe, kumene ndimakhala, sikutentha ngati kumzinda wa Tete, komabe Okutobala amandizunza: mphepo ndi youma, fumbi lili ponseponse, ndipo thukuta likalowa m'ming'alu ya khungu limalasa. Ndasamba madzi ofunda pang'ono, osadzikhula, ndadzola Vaseline thupi lisanaume, kenako mafuta a kuchipatala ndapaka pa zigamba pokha. Mamba amene anayoyokera pabedi usiku ndakutumula, ndasesa.

Lero ndi tsiku limene dziko lonse limakumbukira psoriasis, matenda a khungu amene ndili nawo. Ndinapempheratu akulu a mpingo wa kumudzi kwathu kuti andipatseko mpata wolankhula za matendawa zolengeza zikatha, ndipo anavomera. Bulauzi ndasankha ya manja aafupi, mwadala.

M'chapa (minibasi) yopita cha ku Dómuè ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wa khanda. Atangoona mkono wanga anakokera chitenje pa mwana n'kudzipanikiza kuzenera. Sindinawakwiyire, mwana ndi mwana. Ndinangoti, "Amayi, musaope, sizopatsirana izi. Ndakhala nazo kuyambira ndili kupulaimale, koma kwathu palibe anazitengera kwa ine." Anandiyang'ana nthawi, kenako anandifunsa ngati zimapweteka. Tinacheza mpaka pamene ndinatsikira. M'minda anthu atha kale kugalauza, mizere yangoti ndondondo kudikira mvula.

Kutchalitchi miyendo inkanjenjemera, koma nditayamba kulankhula mawu anabwera okha. Ndinawafotokozera mmene adokotala anandifotokozera ine. Chitetezo cha m'thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi matenda, chimasokonezeka n'kuyamba kufulumizitsa khungu. Kwa munthu wina khungu latsopano limatenga pafupifupi mwezi kuti lifike pamwamba, koma pa zigamba zangazi limafika m'masiku 3 kapena 4. Lakale lisanayoyoke latsopano lafika kale, ndiye limaunjikana, kukhuthala, kuuma mpaka kung'aluka. Limakonda m'zigongono, m'maondo, m'mutu ndi kumsana cha m'chiuno. Ena zikhadabo zimachita timaenje, ena mfundo za zala zimatupa ndi kuwawa. Ndinawauzanso kuti zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsa zigamba zofiira chifukwa ndi za azungu. Pa khungu lathu lakuda zimaoneka zotuwa kapena zoderapo kuposa khungu lonse, n'chifukwa chake zimasokoneza anthu.

Mafunso anachuluka kuposa mmene ndinkaganizira. Agogo ena anafunsa mosabisa ngati si khate. Ndinawayankha kuti chigamba cha khate chimachita dzanzi, munthu samva akachikhudza, pamene zangazi zimayabwa usiku wonse. Khate lili ndi mankhwala ochiritsiratu, choncho amene waona chigamba cha dzanzi asabisale, athamangire kuchipatala. Mnyamata wina anati mwina ndi zipere zokulirapo. Ayi, zipere ndi mphere zimapatsirana ndipo zimatha ndi mankhwala, psoriasis sapatsirana ndipo satheratu, amangogona n'kudzukanso. Funso la edzi palibe analitulutsa, koma ndimalidziwa kuti limanong'onedwa, ndiye ndinaliyankha ndekha: kukhala ndi psoriasis sikutanthauza kuti munthu ali ndi HIV, ngakhale kuti kachilomboko kangathe kuwakulitsa. Kuyezetsa magazi n'kwabwino kwa aliyense, wa zigamba ndi wopanda zigamba yemwe.

Pamene ndinatsindika kwambiri ndi pa mphini. Matendawa ali ndi khalidwe lakuti paliponse pamene khungu lavulala, kaya ndi kukanda, kaya ndi lumo, pangathe kumera chigamba chatsopano. Mwana mukamutema mphini kuti achire, mukumutsegulira zigamba zina m'mizere ya lumo momwemo. Chimodzimodzinso mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika: ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amaziziritsa zigamba kwa kanthawi, koma amapyapyalitsa khungu, ndipo ukawasiya matenda amabwerera mwaukali. Mowa, fodya, nkhawa ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, chimene ife a ku Angónia timachidziwa bwino, zonsezi zimawadzutsa. Ndinamaliza ndi kuwauza kuti sindili ndekha. Mu 2014 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anagwirizana kuti psoriasis ndi matenda aakulu osapatsirana, ndipo lipoti la bungweli la 2016 linati anthu osachepera 100 miliyoni ali nawo pa dziko lapansi. Ena anagwira pakamwa.

Nthawi yonseyi Amayi anali pa benchi yachitatu mbali ya azimayi, Ababa kumbuyo ndi chipewa pa bondo. Ndinkayesetsa kusayang'ana kumeneko kuopa kulira.

Matendawa anandiyamba ndili mwana, nditangochira zilonda zapakhosi, timadontho thupi lonse, kenako zigamba. Abale ena anati ndalodzedwa. Ena analangiza kuti andipatulire mbale, chikho ndi mphasa, ndipo ankanena izi ine ndili pomwepo. Nthawi imeneyo Amayi sankadziwa za chitetezo cha m'thupi, sankadziwa ngakhale kuti matendawa sapatsirana. Komabe anakana. Ndinkasamba m'manja m'beseni limodzi ndi abale anga, kupisa m'mbale imodzi ya ndiwo, kugona nawo pa mphasa imodzi. Madzulo aliwonse, atachoka kudimba ali otopa, ankandikhazika pakhonde n'kundidzoza mafuta ndi manja awo, chigamba ndi chigamba, mpaka m'mutu. Sanavalepo pulasitiki m'manja, sanatsinyepo nkhope. Mwana amawerenga nkhope ya mayi ake kuti adziwe ngati ndi wonyansa kapena ayi, ndipo ine pa nkhope ya Amayi sindinawerengepo zimenezo. Ndikamaganiza lero, mtima umandiwawa ndi kundikomera nthawi imodzi, chifukwa iwo ankakhulupirira kuti mwina angathe kutengera, koma sanasiye.

Ababa si munthu wa mawu ambiri. Mankhwala a zipere atakanika, anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zokoka ngolo. Mlimi aliyense akudziwa kuti ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Chaka chimenecho mbatata ya kachewere anaitutira pa njinga kuchokera kudimba mpaka kumsewu. Ndalama zake ndi zimene tinakwerera galimoto kudutsa pa Mussacama ndi Moatize, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kukaonana ndi adokotala kumzinda wa Tete. Atatiuza kuti matendawa alibe mankhwala ochiritsiratu koma amasamalika, Ababa anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi kusukulu angapite?" Atamva kuti inde, tinabwerera, ndipo Lolemba lotsatira anandiperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi n'kukafotokozera aphunzitsi pamaso pa ana onse. Ankandiseka ena, sindikana, koma sukulu sindinasiye.

Titaweruka kutchalitchi lero tinapita kunyumba. Amayi anaphika nsima ya nyemba ndi nkhwani wa kudimba wotendera. Titadya ndinatulutsa zimene ndinawatengera, chitenje, shuga ndi sopo, ndi malaya a Ababa amene ndinasoka ndekha. Ndinagwada n'kuwomba m'manja.

"Ababa, Amayi, ndimafuna ndikuthokozeni muli moyo, mukumva ndi makutu anu. Kuyima kumene ndayima kutchalitchi lero ndi inu."

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Dzuka mwanawe. Ukuthokoza chiyani? Ndikanakutaya ukanapita kwa yani?"

Ababa anatembenuza malaya aja uku ndi uku, kuyang'ana msoko wake. "Walankhula bwino lero, mwananga. Za mphini zija ubwereze kwa amfumu, anthu azimve pabwalo."

Dzuwa litapendeka kunabwera mayi wina wa m'mudzi woyandikana, amene anali kutchalitchi kuja, atagwira dzanja kamtsikana kovala juzi m'kutentha konseku. Anakavula juziyo n'kundionetsa m'zigongono ndi kuseri kwa makutu. Ndinawauza kuti ine si dokotala, zingakhale psoriasis kapena zina, woyenera kunena ndi wa kuchipatala, koma pakadali pano asamukhule, asamuteme, azimudzoza Vaseline akangosamba. Mayiyo anati amachita manyazi kukaima naye pa mzere wa kuchipatala. Amayi ndi amene anayankha ndisanatsegule pakamwa: mawa m'mamawa awaperekeza okha, ndipo adzere pakhomo pathu kuti tinyamukire limodzi pamene ine ndikukakwera chapa yobwerera ku Ulongwe.