Choko pang'ono, chikolopa chochuluka: sabata yotsegulira sukulu ku Nagano

Ndimathandizira kuphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya boma m'katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Nagano ku Japan. Ntchitoyi kuno amaitcha ALT, kutanthauza mphunzitsi wothandizira wa chiyankhulo. Sukhala ndi kalasi yakoyako ayi. Umalowa limodzi ndi mphunzitsi wa konkuno, iye n'kumafotokoza malamulo a chiyankhulo m'Chijapani, iwe n'kumawatsegula pakamwa anawo. Sukulu yake ndi ya zaka zitatu, ya ana a zaka 12 mpaka 15 amene atsiriza zaka 6 za pulayimale. Kukanakhala kwathu bwenzi ali Sitandade 7, Sitandade 8 ndi Fomu 1. Zaka 9 zonsezi ndi zokakamiza, mabuku ndi aulere, ndipo za kubwereza kalasi sizimveka n'komwe.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Epulo, chisanu chikamatha, mitengo ikuphukira. Anzanga amene tinkaphunzitsa limodzi kumudzi amandifunsa pa WhatsApp kuti, "Achimwene, mwafika pati ndi silabasi?" Kunena zoona, sabata imeneyi choko ndinachigwira tsiku limodzi lokha. Masiku enawo sukulu inali kalikiliki kuphunzitsa ana atsopano mmene adzidyera, mmene adzikolopera, ndi kothawira kukachita chivomerezi.

Lolemba ndinapeza desiki yanga yasuntha. Kuno aphunzitsi a boma amasamutsidwa kumapeto kwa Malichi, maina awo mpaka amatuluka m'nyuzipepala, ndiye Epulo aliyense chipinda cha aphunzitsi chimayalidwanso mwatsopano, madesiki m'magulu atatu molingana ndi chaka chimene munthu akuphunzitsa. Amayi amene ndinkagwira nawo bwino chaka chatha anapita kusukulu ina kuseri kwa mapiri. M'malo mwawo munabwera mnyamata wongotuluka kumene ku yunivesite, wophunzitsa masamu, suti yake yakuda ikadali ndi mizere ya m'sitolo. Kunja kunkazizirabe, nsonga za mapiri zili mbuu ndi chipale, mbaula ya parafini ikuyaka pakona. Theka la aphunzitsi linali m'mamasiki, osati chifukwa cha matenda koma mungu wa mitengo ya sugi, imene anaibzala yochuluka nkhondo yachiwiri itatha. Mwezi uno anthu amangoyetsemula, maso ali psuu.

Ana a chaka choyamba suchita kufunsa. Makolo amawagulira yunifolomu yoti ikwane zaka zitatu, ndiye manja a jekete amabisa zala, thalauza lopinda kawiri. Pakhomo amavula nsapato zakunja n'kuvala zam'kati, ndipo mtundu wa mzere wa pansapatoyo ndi umene umakuuza kuti mwanayu ali chaka chanji. Kamnyamata kena kanaima kutsogolo kwa mashelefu a nsapato kakufunafuna nambala yake, misozi ili pafupi. Mtsikana wa chaka chachitatu anangokagwira phewa n'kukalozera, osanena kanthu, iye n'kupitiriza ulendo.

Lachiwiri linali la sikelo. Lamulo limati mwana aliyense apimidwe m'thupi pasanafike pa 30 Juni chaka chilichonse: msinkhu, kulemera, maso, makutu, mano, mkodzo, ndipo a chaka choyamba amawapimanso mtima. Madokotala amabwera masiku awoawo, koma za msinkhu ndi maso timachita tokha motsogozedwa ndi mphunzitsi wa zaumoyo, amene ali ndi chipinda chake chokhala ndi mabedi. Ine anandiika poyeza msinkhu. Anyamata amakoka khosi, ena kunyamphira pang'ono poganiza kuti sindikuona zidendene. Masana kunabwera apolisi kudzaona mabuleki ndi mabelu a njinga, poti ambiri amapalasa kuchokera kuminda ya maapozi kumtunda, ndipo wopanda chipewa cholimba njinga amaisiya kunyumba.

Tsopano za nkhomaliro, chifukwa apa mpamene pamaonekera khalidwe la sukulu ya ku Japan. Kulibe holo yodyera. Belu la phunziro lachinayi likangolira, kagulu ka ana amene ili sabata yawo kamavala maepuloni oyera, zipewa zoyera ndi mamasiki, kusamba m'manja, n'kupita pamzere kukanyamula mapoto. Awiri poto wa supu, awiri bokosi la mpunga, wina kireti ya mkaka, wina mbale. Otsalawo amapukuta madesiki. Ogawa amaima kutsogolo ndi zipande, anzawo n'kumadutsa ndi mathireyi. Lachitatu tinadya mpunga, supu ya miso, kachidutswa ka nsomba yootcha, ndiwo zamasamba ndi mkaka. Palibe amene amayamba kudya mpaka womaliza atakhala pansi, onse n'kuthokoza pamodzi manja ataphatikiza.

Kwa a chaka choyamba vuto ndi masamu a chipande. Mnyamata wogawa supu anayamba mowolowa manja, mbale zoyambirira zodzaza mpaka m'milomo. Pofika mwana wa 25, poto anali gwaa, anthu ena asanu ndi awiri akudikira ndi mbale zopanda kanthu. Mphunzitsi wa kalasiyo, amayi achikulire, sanadzuke pampando. Anangoti, "Nanga titani?" Panadutsa kamphindi, kenaka mtsikana wina ananyamuka ndi mbale yake kukabwezera pang'ono m'poto, ena n'kutsatira. Chakudya chinazizira, nthawi yodyera inatsala yochepa, koma mawa lake mnyamata uja ankayang'ana mzere kaye asanaviike chipande. Amayiwo anandiuza kuti akanalowererapo bwenzi akugawa okha supu mpaka Julaye. Mkaka wa amene sanabwere amaulimbirana ndi masewera a zala aja a mwala, pepala ndi sizasi, ndipo phokoso lake limamveka mpaka pansi. Chakudya cha pasukulu kuno chinayamba kale, mu 1889 ku Tsuruoka, chigawo cha Yamagata, kudyetsa ana osauka, ndipo lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1954. Amachitenga ngati phunziro. Ifenso aphunzitsi timadya chomwecho, m'kalasi momwemo, ndipo timalipira.

Akatha kudya, kukolopa. Sukulu za ku Japan pafupifupi zonse ana amasesa okha, koma ku Nagano zambiri zimaonjezera lamulo lina: osayankhula. Nyimbo ikalira pa sipika, aliyense amapita pamalo pake, kumanga kansalu kumutu, kukhala chete pang'ono maso ali chotseka, kenaka mphindi 15 za ntchito popanda liwu. Chikolopa chake si cha mtengo. Ndi kansanza kopinda, umagwada n'kumapukuta thabwa ndi thabwa chobwerera m'mbuyo, madzi a m'ndowa ozizira mpaka zala kuuma. Ahedi amagwada pakhomo lolowera alendo, taye ataiponya paphewa. Ine malo anga chaka chino ndi masitepe a kumpoto, limodzi ndi ana anayi.

Za kukhala chetezi mpaka lero sindinazivomereze ndi mtima wonse. Ndinakulira kumene ntchito ya pagulu imayenda ndi nyimbo ndi nthabwala, ndipo ndimaona kuti mwana wa zaka 12 amene wakhala pa desiki mmawa wonse akuyenera kutsegula pakamwa. Ndinawafunsapo achiwiri kwa ahedi. Iwo anati mwana akamacheza amapukuta pamene wauzidwa basi, koma akakhala chete maso amayamba kufuna okha pali fumbi. Lachitatu lomwelo ndinaona kamtsikana ka chaka choyamba katamaliza sitepe yake nthawi isanathe. Kanayang'ana uku ndi uku, kenaka kanakulunga kansanza kuchala n'kuyamba kutokosa m'ngodya ya chitsulo chogwirira. Palibe anakatuma. Mfundo ya achiwiriwo ndinaiona ndi maso, ngakhale ndikanakonda akanalola ngakhale kung'ung'udza kanyimbo. Chimene ndimachitira nsanje n'chakuti kuno kukolopa chimbudzi si chibalo. Kwathu ndinalamulapo ana ochedwa kuti akatchetche kapena akatsuke zimbudzi, ndipo mwana wotero amakula akudziwa kuti tsache ndi la wolakwa. Kuno chimbudzi chimazungulira kwa aliyense, wanzeru ndi wovutika yemwe.

Lachinayi ndiye ndinaphunzitsa. Phunziro limatenga mphindi 50, ndipo loyamba kwa a chaka choyamba limakhala lodzifotokoza. Ndinawauza kuti alote kumene ndimachokera. Anatchula America, Kenya, Jamaica, Brazil. Nditalemba Malawi pabolodi anatsegula matabuleti awo, poti kuyambira cha mu 2021 mwana aliyense wa sukulu ya boma ali ndi yake, n'kuyamba kusakasaka pamapu. Chimene chimawagwira mtima chaka chilichonse n'chakuti ifenso tilibe nyanja yamchere ngati iwo. Nagano yazunguliridwa ndi zigawo zina 8, ndipo nyanja yawo yaikulu ndi Suwa. Ndikawauza kuti chigawo chawo chonse chikhoza kulowa kawiri m'nyanja ya Malawi, amayamba atsutsa, kenaka amawerengera okha n'kukuwa.

Mnyamata wina wakumbuyo, amene sanayankhulepo chiyambire, anakweza dzanja nditaonetsa chithunzi cha ku Cape Maclear. Anati, "Mbuna!" Bambo ake amaweta tinsomba timeneti m'galasi kunyumba, anatigula m'sitolo ya ziweto, koma iye sankadziwa kuti dzina la nyanja limene amalimva kwa bambo akewo ndi dziko lokhala ndi anthu. Pa chithunzi cha ngumbi zokazinga kalasi yonse inakuwa monyansidwa, mpaka mtsikana wina anati agogo ake amaphika ziwala za m'munda wa mpunga ndi shuga ndi sosi wa soya. Zoonadi, anthu a ku Nagano amadziwika m'Japan monse ndi kudya ziwala ndi ana a mavu. Phokoso linatembenuka, tsopano akutsutsana okhaokha kuti ndani anadyapo. Chingerezi chimene chinayankhulidwa pa mkanganowo chinali chothyokathyoka, koma chinatuluka chokha. Anawa amafika atayamba kale Chingerezi, chifukwa kuyambira 2020 ndi phunziro lokhazikika m'makalasi awiri omaliza a pulayimale, ndipo manyazi alibe. Manyazi amabwera chaka chachitatu, mayeso olowera sekondale akayandikira, aliyense akuopa kulakwa pamaso pa anzake.

Masana a tsiku lomwelo belu la ngozi linalira, poyeserera kuthawa chivomerezi. Ana pansi pa madesiki, kenaka pamzere kupita pabwalo: osakankhana, osathamanga, osayankhula, osabwerera. Achiwiri kwa ahedi anali ndi wotchi m'manja ndipo sanakhutire. Pobwerera aliyense anapukuta pansi pa nsapato zam'kati zija, poti zinaponda dothi.

Pofika Lachisanu mitengo ya sakura ya m'mbali mwa bwalo inali itachita maluwa. Kuno amachedwa poyerekeza ndi ku Tokyo chifukwa ndi kumapiri. Makalasi ankatuluka mosinthana kukajambulitsa pansi pake, ndipo ndinakokedwa kulowa m'zithunzi za makalasi amene sindiwaphunzitsa n'komwe. Maluwawa sakhalitsa, sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono ayamba kuyoyoka, ndiye osesa panja amadandaula kale.

Maphunziro atatha kunali kulawa makalabu. A chaka choyamba amapatsidwa masiku oyendera: baseball, volebo, tenesi ya patebulo, basiketibo, kendo (masewera omenyana ndi malupanga ansungwi), bandi ya malipenga, zojambula. Akuluakulu awo amawanyengerera ngati mavenda a pa depoti, chifukwa kalabu ikachepa anthu imatsekedwa, ndipo ana m'matauni ang'ono ngati ano akuchepa chaka ndi chaka. Mwana akasankha, nthawi zambiri ndi yomweyo mpaka chaka chachitatu, pafupifupi tsiku lililonse.

Apa mpamene pali mtengo wa zonse ndayamikirazi, ndipo amaulipira ndi aphunzitsi. Mnyamata wa masamu uja anapatsidwa kalabu ya kendo. Chibadwire sanagwirepo lupanga lansungwi. Ndinamupeza pa desiki akuonera mavidiyo a malamulo ake, mulu wa mafomu a makolo uli pambali, maphunziro a Lolemba asanakonze. Kafukufuku wa 2018 wa OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, anapeza kuti aphunzitsi a sukulu za msinkhu uno ku Japan ankagwira maola 56 pa sabata, kuposa mayiko onse amene anafunsidwa. Lamulo la 1971 linati aphunzitsi a boma asamalandire ndalama ya ovataimu, m'malo mwake azingowonjezeredwa 4 peresenti pa malipiro, ndipo chiwerengerocho chinakhala chomwecho zaka zoposa 50. Boma linalangiza mu 2018 kuti makalabu azipuma masiku awiri pa sabata, ndipo kuyambira 2023 akuyesa kupereka za Loweruka ndi Lamlungu kwa makochi a m'mudzi. Kumatauni aakulu mwina zikutheka. Kuno kupeza munthu wodziwa kendo amene ali ndi mpata Loweruka lililonse si masewera.

Ine kontirakiti yanga imati ndiziweruka 4 koloko ikangopitirira. Ndimanyamula chikwama, kuwerama pakhomo n'kunena kuti, "Pepani, ndatsogola," iwo n'kuyankha mwaulemu, mitu ili m'mapepala. Sindinazolowerebe. Nthawi zina ndimakhalira kalabu ya tenesi ya patebulo, kumene ana a zaka 13 amandichinya mopanda chisoni.

Ndisanatuluke, mphunzitsi wa Chingerezi wa chaka chachitatu anandipatsa ntchito ya sabata yamawa. Ana ake ali ndi mayeso a dziko lonse amene amalembedwa mu Epulo, a Chijapani ndi masamu, zaka zina kuphatikizapo sayansi kapena Chingerezi, kenaka anyamuka ulendo wa sukulu wopita ku Kyoto ndi ku Nara. Kumeneko gulu lililonse liyenera kuimitsa mlendo wakunja n'kumufunsa mafunso atatu m'Chingerezi. Ndiye Lolemba ndikhala mlendoyo. Andiuza kuti ndibwere ndi chipewa, magalasi akuda ndi kamera, ndipo ndizisintha dziko pa gulu lililonse, chifukwa chaka chatha ana ena anakafika ku Kyoto atangoloweza yankho limodzi, n'kumadabwa kuti palibe mlendo amene akuti ndi wa ku Malawi.