Ndinafuna mpando, anandipatsa kiyi

Ndinagwira choko zaka 31, ndipo zaka 7 zomalizira ndinali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Munthu wotere akapuma ntchito, chimene chimamuwawa si kuchepa kwa penshoni kokha ayi. Amasowa anthu oimirira iye akamalowa. Kwathu ku Mponela kuno ndikalowa pabalaza ngakhale mphaka sasuntha pampando.

Ndiye titagawana ndalama za banki m'khonde mu Disembala 2023, amayi amene anali wapampando atanena kuti atopa, tisankhe wina chaka chikayamba, ine ndinangoti mumtima, basi, Mulungu wayankha. Pagulu lathu tilipo 25, amuna atatu okha. Mwa atatuwo mmodzi ndi mlamu wanga, wina amangobwera tsiku lotenga ngongole. Nanga mpando ukanapita kuti?

Kampeni ndinaiyamba mwakachetechete. Ndinagula jekete pa kaunjika, lakuda, lamabatani agolide, lotentha ngati uvuni wa njerwa. Ndinayamba kupereka moni wa manja awiri kwa amayi amene kale ndinkangowagwedezera mutu. Ndinapemphanso mayi akunyumba kuti aphike thobwa ndowa yathunthu loti anthu adzamwe pa tsiku la chisankho. Iwo anangondiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Bambo, mwaganiza bwino?" Ndinayankha kuti ndaganiza. Anapita kukanyika chimera osanenanso kanthu, ndipo ine ndinayesa kuti kukhala chete kwawoko ndi kuvomereza. Zaka zonsezi tili pabanja, chilankhulo chimenechi sindinachiphunzirebe.

Tsiku linafika, Lachinayi lina mu Januwale, dzuwa la pakati pa mvula lija loswa mtengo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango chifukwa pakhonde sitikwanapo. Dzina langa analitchula mlamu wanga, monga tinapanganirana. Kenako wina anatchula mayi wina wogulitsa tomato pamsika, amene ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 5, ndipo ndikukumbuka bwino kuti samu zogawa zinkamuliza. Ndinamumvera chisoni mwanayo.

Anatipatsa mphindi ziwiri aliyense. Iye anaimirira, n'kumanga bwino chitenje, nati, "Amayi ndi abambo, mumandidziwa. Ngongole ndimabweza, misonkhano sindijomba. Zikomo." Anakhala pansi.

Ine ndinatulutsa mapepala atatu. Ndinayambira ku Niger, kumene bungwe la CARE linayambitsa magulu otere mu 1991. Ndinafotokoza mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi chifukwa chake sheya ya chaka chatha singagulenso sopo yemwe inkagula. Ndinalongosola kusiyana kwa thumba la ngongole ndi thumba la zadzidzidzi kwa anthu amene akhala akuponya m'matumba onse awiri kwa zaka zisanu. Pomaliza ndinalengeza mfundo yanga yaikulu: gulu lino lasowa mwambo, choncho chindapusa cha wochedwa chichoke pa K500 chifike pa K1,000. Nditamaliza panali patadutsa mphindi 25, thobwa litatha, mwana wina atagona n'kudzukanso. Anaomba m'manja kwambiri. Lero ndimadziwa kuti ankaombera kuti ndamaliza.

Kuvota kwake kunali kwa pamzere, kofanana ndi kumene zipani zimachita pa chisankho chachipulula: opikisana muime kutsogolo, muyang'ane uko, okufunani aime kumbuyo kwanu. Amene anayambitsa njira imeneyi analibe chifundo. Ndinaima chilili, manja kumbuyo, ndikumva mapazi ali tswatswatswa, zitenje zikukhulana. Ndinamva ngakhale mpweya wa munthu pakhosi panga, ndipo ndinati eya, mzere wafika pothinana.

"Tembenukani!"

Kumbuyo kwanga kunali anthu awiri. Woyamba mlamu wanga, maso ali pansi ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni. Wachiwiri agogo ena amene makutu awo anayamba kuvuta. Mlembi atawafunsa mokweza ngati akuvotera aphunzitsi, agogowo anadabwa: "Kuvota? Ine ndimabisala dzuwa. Jekete lawoli lili ndi mthunzi wabwino." Ananyamula ndodo yawo n'kuwolokera mbali ina.

Kumbali inayo mzere unakhota mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Ndipo woyambirira pamzerewo, manja ali pamapewa a mayi wa tomato uja, anali mayi akunyumba, amene ndinawalipirira ndekha sheya yoyamba. Zotsatira: 22 kwa 1. Ngakhale voti imodziyo sindiiwerengera kwenikweni, poti mlamu wangayo ali ndi ngongole yanga ya njinga.

Ndinamwetulira. Ndinakagwira chanza wopambanayo n'kunena mawu akuti demokalase, kawiri. Koma pobwerera kunyumba ndinadzera njira ya kudambo, yotalika, kuti ndisakumane ndi munthu. Ndinakumana ndi ana asukulu, ndipo mmodzi anakuwa, "Mwaswera bwanji a tcheya!" Nkhani inali itandipitirira kale.

Madzulo nsima sindinadye. Ndinati mutu. Ndiwo zake zinali chambo chouma chothira tomato, ndipo ndinagona ndikumva fungo lake, ndikudzifunsa kuti kodi tomatoyo wachokera pa benchi ya yani. Pakati pa usiku ndinalephera kupirira.

"Mayi, inunso?"

"Inenso chiyani, bambo?"

"Pamaso pa anthu?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo, misonkhano yathu imatha ola limodzi, anthu n'kupita kukapalira. Inu mukanakhala wapampando, bwenzi tikuweruka nyenyezi zitatuluka. Ndakuvoterani zaka 34 m'nyumba muno. Kunja kuja ndisiyeni ndivotere chimanga changa."

Ndinafuna kuyankha, koma fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinadzuka mwakachetechete kukafufuza ngati chambo chija chinatsalako.

Sabata imeneyo ndinalemba kalata yotuluka m'gulu, yamasamba awiri, ya Chingerezi chapamwamba. Sindinaipereke. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, chikufuna fetereza wobereketsa, ndipo kulibe kwina kumene munthu wopuma ntchito angakongole ndalama Lachinayi masana popanda chikole kapena fomu. Ndinapeza kuti ulemu wanga, ukauika pasikelo ndi thumba la yuriya, umapepuka. Kalatayo mayi anayatsira mbaula.

Pamsonkhano wotsatira wapampando watsopano anandidzidzimutsa. Bokosi lathu lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, kuti msungichuma asalitsegule yekha kunyumba. "Aphunzitsi," anatero mwaulemu wonse, "tikupempha mutisungire kiyi mmodzi." Ena amati ankangondipukuta misozi. Ine ndinaona zina: popanda kiyi wanga bokosi silitseguka, ndipo bokosi likapanda kutseguka palibe msonkhano. Wapampando angadwale, gulu n'kukumana. Koma ine? Ndinamumangirira kiyiyo pachingwe n'kumuvala m'khosi ngati mendulo.

Lachinayi linalo ndinaganiza zoti anthu alawe kufunika kwanga. Msonkhano umayamba 2 koloko. Ine 2 koloko ndinali ndikupolisha nsapato. Mayi ananyamuka okha. Ndinavala jekete lija, n'kuyenda mwachifatse ngati mfumu yopita kukaweruza mlandu wa malire, ndipo ndinafika mphindi 40 zitadutsa. Onse 24 anali chete, bokosi lili pakati, maloko awiri otsegula kale, limodzi likudikira ine. Kunena zoona, zinandikoma.

Wapampando anadikira kuti nditsegule, ndikhale pansi, ndipinde mwendo. Kenako anati, "Aphunzitsi, tisanayambe. Pa mfundo zonse munatiuza tsiku lija, imodzi tinaikonda kwambiri, ndipo pokudikiranimu taivomereza tonse. Mlembi, alembeni. K1,000."

Ndinapisa m'thumba la jekete. Munali ndalama ya sheya imodzi yokha ndi batani lagolide lothothoka. Ndinayang'ana kwa mlamu wanga, iye anayang'ana kumwamba kwa mango. Ndiye mayi akunyumba anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa K1,000, nandipatsira pamaso pa gulu lonse.

"Pobweza ikhale K1,200, bambo," anatero. "Chiwongoladzanja mukuchidziwa, munatiphunzitsa nokha."