Mtsempha wa bambo aja

Tinayamba ndi zitini za penti zodzaza simenti, paipi yachitsulo pakati, ndi matayala akale a lole, pabwalo la nyumba ya lendi chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi. Tinali awiri, ine ndi mlamu wanga. Thupi ndinali nalo, poti ndinakulira kukoka makoka ku Malindi kenako n'kupalasa kabaza m'tauni muno, ndiye ndinkayesa kuphunzitsa anthu masewera olimbitsa thupi n'kungowauza kuti achite monga ndikuchitira ine. Ankabwera m'mamawa dzuwa lisanawawe, aphunzitsi, amayi a pamsika, anyamata a mpira, aliyense n'kulipira kangachepe pamwezi.

Tsiku lina bambo ena achikulire, ogwira ntchito ya muofesi, anawerama kuti anyamule zitini zija miyendo ili chiwongokere, msana utapindika ngati uta. Anakhala pansi pomwepo. "Achimwene, mtsempha," anatero, akuloza kuyambira m'chiuno mpaka kuseri kwa ntchafu. Ine ndinatenga mafuta n'kuwatikita mwamphamvu, ati ndiuwongole. Sanabwerenso, ndipo anzawo atatu anawatsatira.

Nditamufotokozera msuweni wanga amene amagwira ntchito kuchipatala, anangondifunsa kuti, "Mtsempha wake uti?" Ndinasowa choyankha. Kani ife timatchula zinthu zinayi ndi dzina limodzi. Pali mtsempha wa magazi. Pali wonga chingwe umene umamangirira mnofu ku fupa, monga uja wa kuseri kwa chidendene. Wina umamanga fupa ku fupa linzake, ngati ya m'bondo imene imaduka kwa osewera mpira. Ndiye pali wonyamula uthenga wa ubongo, ndipo waukulu zedi mwa imeneyi umayambira kumunsi kwa msana, kudutsa m'thako n'kutsika ndi mwendo. Ululu wa bambo aja unkatsata njira yomweyo. Ankafunika kuonedwa kuchipatala, osati zala zanga.

Msuweniyo anandibwereka buku lakale la zithunzi, ndipo usiku ndinkaliwerenga ndikudzigwiragwira ndekha, mayi a kunyumba akundiseka. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206, koma sindinawaloweze onse, sindifuna udokotala ine. Ndinakakamira pa msana: mafupa 7 a khosi, 12 ogwira nthiti, ndi 5 a kumunsi amene amasenza kulemera kwa thupi lakumtunda. Pakati pa mafupawa pali timitsamiro tofewa, ndipo ukawerama ndi katundu timafinyika mpaka tina kutuluka n'kukanikiza mtsempha wotsika ndi mwendo uja. Wonyamula apinde maondo, katundu akhale pafupi ndi thupi, ntchito agwire matako ndi ntchafu.

Chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti mnofu umangokoka, sukankha, ngati chingwe cha khoka basi. N'chifukwa chake imakhala iwiriiwiri: wa kutsogolo kwa mkono ukapinda chigongono, wa kumbuyo ndiye umachiwongola. Anyamata athu amangofuna chifuwa ndi mikono yoonetsa kunyanja, za kumsana safuna kumva. Pano amene wakankha kakhumi amakokanso kakhumi, akanyinyirika anyinyirike. Bondo ndinalimvetsa ngati chitseko, limafuna kupindika mbali imodzi, pamene phewa limazungulira konsekonse ndipo siluchedwa kuguluka.

Masiku ano munthu watsopano sagwira chitsulo tsiku loyamba. Timakhala naye pabenchi n'kumufunsa za BP, shuga ndi msana, kenako timamuwerengera kugunda kwa mtima padzanja, komwe kwa munthu wamkulu wopumula kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Timamuuziratu kuti kuphwanya kwa thupi kobwera patapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, koma ululu wobaya kapena dzanzi lotsika mwendo ndi ulendo wa kuchipatala. Ena amakwiya kuti alipira ndalama koma tikuwachedwetsa ndi mafunso. M'mwezi wa Okutobala, kutentha kwa Mangochi kukafika pachimake, ndowa ya madzi akumwa sichoka pabwalo, ndipo m'mwezi wa Ramadan anzathu osala timakumana nawo usiku akamasula.

Bambo aja ndinapita kwawo kukawapepesa. Anandilandira bwino, tinamwa tiyi, koma pabwalo pathu sanapondeponso. Akazi awo ndiwo amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi m'gulu la amayi, ndipo watsopano akawerama molakwika iwo ndi amene amayamba kukuwa kuti, "Amayi, pindani maondo!"