Magetsi atabwera, fyuluta sindinaiyatse kaye

Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko usiku, m'mwezi wa June, nthawi imene kuno ku Blantyre chiperoni chimalowa mpaka m'mafupa. M'thanki yanga ya malita 200 muli nsomba za mbuna 12, zina zachikasu zija za Labidochromis caeruleus. Ndinafunditsa thankiyo bulangete, ndinaika m'madzimo mabotolo awiri a madzi ofunditsa pambaula, ndipo mwa apo ndi apo ndinkatunga madzi ndi jagi n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Chakudya ayi. Nsomba yokhuta imafuna mpweya wambiri ndipo imadetsa madzi, koma njala ya masiku awiri siingaphe mbuna.

Mapulagi onse ndinazula. Mayi akunyumba anandiseka kuti ndikuzula chiyani magetsi kulibe.

Magetsi anabwera mawa lake masana, patatha maola 15, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapherapo nsomba zawo. Mu fyuluta, chipangizo chosefa madzi a m'thanki, mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya wa m'ndowe za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate (amoniya ndi nitrite ndi poizoni kwa nsomba, pomwe nitrate saopsa kwambiri). Madzi akasiya kuyenda, tizilomboti timasowa mpweya n'kuyamba kufa, makamaka mu fyuluta yotseka ngati yanga. Ukangoiyatsa, uve wonsewo umaupopera m'thanki. N'chifukwa chake ndinazula pulagi: ndinkaopa kuti magetsi angabwere ndili mtulo.

Nditatsegula fyulutayo, fungo la dzira lovunda linandilandira. Madzi a m'katimo ndinataya onse. Masiponji ake ndinawafinya katatu m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, osati pampopi, chifukwa klorini akanamaliza mabakiteriya opulumuka. Sindinafune kuti ayere mbee, bola fungo lichoke.

Kenako ndinawerenga nsomba. Ntchito yotopetsa imeneyo, poti mbuna n'zokonda kubisala m'miyala, koma imodzi ikafera kuseri kwa mwala imawononga madzi onse. Zinakwana 12.

Ndinachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi n'kuthira ena omwe ndinawaika mankhwala ochotsa klorini. Kutentha kunali kutatsika kuchoka pa madigiri 26 kufika pa 21. Mtima unkafuna kuthira madzi otentha kuti zithe msanga, koma kusintha kwadzidzidzi n'komwe kumadwalitsa nsomba, ndiye ndinangoyatsa hita kuti ikweze pang'onopang'ono. Nyale ndinaisiya yozima mpaka madzulo.

Sabata yonse ndinkayeza amoniya ndi nitrite m'mawa uliwonse, kwinaku ndikuyang'ana ngati pali yomwe ikupumira pamwamba pa madzi kapena yatuluka timadontho toyera ngati mchere, matenda omwe amakonda kubwera nsomba zikazizidwa. Kudyetsa ndinayamba tsiku lachiwiri, kachakudya kotsina ndi zala basi. Tsiku lachitatu nitrite anakwera, ndinasinthanso madzi. Pofika Loweruka anali atabwerera pa 0, ndipo tsiku lomwelo ndinapita m'tauni kukagula kapampu ka mpweya koyendera mabatire.