Ramonda yanga yachita maluwa, koma chikalata chinandizunza

Abale anga okhala kuno ku Scotland, amene kuseri kwa nyumba zanu dzuwa silifika, duwa loti mudzale lilipo. Dzina lake ndi Ramonda myconi. Langa lachita maluwa mwezi uno wa Juni ndipo mtima wakhala pansi tsopano, koma za dothi zidikire kaye, ndiyambe ndi zomwe zinandiwawitsa mutu.

Duwali kwawo ndi kumapiri a Pyrenees, m'malire a France ndi Spain, komwe limamera m'ming'alu ya miyala ya laimu pamthunzi. Ine ndinaitanitsa mbande kwa wogulitsa wina wa m'dziko lina la mu EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, kudzera pa intaneti. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, chomera chamoyo chochokera ku EU sichilowa ku Britain popanda chikalata chotchedwa phytosanitary certificate, chotsimikiza kuti chilibe matenda kapena tizilombo. Lamulolo sindikulitsutsa, limateteza mitengo ya kuno. Chinandipsetsa mtima ndi chakuti wogulitsayo anandilonjeza kuti mapepala onse ali mu mtengo womwe ndalipira. Ndalama italowa, uthenga uja pho, akuti chikalata n'cholipira padera. Ndalama ya chikalatayo inaposa mtengo wa mbande zonse pamodzi! Ndinalipira, poti nanga ndikanatani, katundu anali atamangidwa kale.

Ndiye phukusi linakagwidwa panjira, akuti chikalata ndi katundu sizinayendere limodzi. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga kuntchito, n'kukwera basi m'mamawa kupita kumalo osungira katundu. Wa pawindo anati si nkhani yawo, ndiimbe foni ku ofesi ina. Ku ofesiyo foni inangolira, ndipo atayankha anati ndifunse kampani yonyamula katundu, yomweyo yomwe ndinali nditaima pakhomo pake. Tsiku lonse linathera pabenchi, mvula ikuwaza, malipiro a tsikulo atapita. Ndinabwerera chimanjamanja. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'choti panalibe ngakhale mmodzi woganiza kuti m'bokosimo muli chinthu chamoyo chomwe chikufuna madzi.

Choncho gulani kuno komweku. Mabungwe a okonda maluwa a Alpine Garden Society ndi Scottish Rock Garden Club amachititsa zionetsero za maluwa a m'mapiri komwe alimi a mbande amabwera kudzagulitsa, ndipo mamembala awo amagawana njere chaka chilichonse. Palibe chikalata, palibe benchi.

Bokosi litafika, masamba anali atauma gwa, atapindana ngati mfutso. Musataye mbande yooneka choncho. Ramonda ili m'gulu la zomera zochepa za ku Ulaya zomwe zimauma ndithu kukakhala chilala, n'kutsitsimukanso zikapeza madzi. Ndinaika miphika m'beseni la madzi osaya kuti imwere pansi, pamalo ozizira, ndipo patapita masiku ochepa masamba anatambasuka, obiriwira, amakwinya, aubweya wofiirira m'mbali.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse: musadzale choimirira. Dzalani chopendeka, chammbali, mumng'alu wa pakati pa miyala. Masamba ake amayalana mozungulira, ndiye madzi akakhazikika pakatipo nthawi yozizira, mtima wa chomeracho umawola. Chisanu sichiopa, chinazolowera kumapiri. Chomwe chimachipha ndi madzi okhala pamutu, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa nokha.

Malo ake ndi mbali yoyang'ana kumpoto. Kumudzi tinazolowera kuti miyezi yozizira dzuwa limadutsira kumpoto, koma kuno limadutsira kummwera, ndiye khoma loyang'ana kumpoto ndilo la mthunzi. Ine ndinasanja miyala m'munsi mwa khomalo, n'kusiya mipata yolowa dzanja. M'mipatamo ndinatsendera dothi losakaniza ndi masamba owolerana komanso timiyala tambiri, kuti madzi azidutsa koma chinyontho chizitsala. Mizu ilowe mkati ndithu ikakhudze dothi la kuseri kwa mwala, pasakhale mphako. Feteleza wambiri safunika.

Ndakumbukanso za chikalata chija. Ngati mwatsimikiza kuitanitsa kunja, muuzeni wogulitsa akulembereni mtengo wonse pamodzi ndi wa chikalata musanatumize ndalama, ndipo akutumizireni chithunzi chake phukusi lisananyamuke. Pabenchi paja ndikanakhala ndi chithunzicho m'foni, mwina wina akanandimvera.

Chaka choyamba thirirani kukauma, koma madzi apite kumizu, cham'mbali mwa mwala. Nkhono zopanda chigoba zimakonda masamba anthete, ine ndimazitola madzulo ndi tochi. Palinso mphutsi za vine weevil zomwe zimadya mizu mobisa, makamaka m'miphika. Chomera chikafota dothi lili lonyowa, fukulani muone.

Maluwa ake amatuluka kumapeto kwa Meyi mpaka Juni, patimapesi totalika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, amtundu wa pepo, pakati pali pachikasu. Amene munakwerapo phiri la Mulanje kapena la Zomba ndipo munaona timaluwa ta Streptocarpus titakakamira pamiyala yonyowa m'mbali mwa mitsinje, mudzazindikira chibale chake, pakuti banja lawo ndi limodzi, la Gesneriaceae. N'chifukwa chake ndinalilimbikira duwali ngakhale linandidyera ndalama.

Za njere, konzekani kudikira. Ndi zazing'ono kwambiri moti mukapumira pafupi zimauluka. Mumangowaza pamwamba pa dothi lonyowa osakwirira, n'kuvundikira ndi galasi pamthunzi, ndipo zimatenga zaka zisanachite maluwa. Njira yachangu ndi kuthyola tsamba lokhwima pamodzi ndi tsinde lake lonse n'kulizika m'dothi la mchenga. Timbande tikakula, tikapezereni mng'alu wake, ndipo nato mutidzale chopendeka. Amene mulibe khoma ndipo mukusunga mumphika, ugonekeni chammbali kuyambira Novembala mpaka mvula ya dzinja la kuno itachepa.