Zikomo Akhristu anzathu, tchalitchi chafoleredwa

Abusa athu, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata, mafumu athu, ndi inu abale a kutali amene mumatumiza thandizo pa foni, komiti ya zomangamanga ikuti zikomo kwambiri. Lata lomaliza lakhomedwa mvula isanagwe. Kuchokera tsiku limene mphepo ya mkuntho inasasula denga lakale ndi kugwetsa khoma, mwakhala mukupemphera pansi pa mtengo, dzuwa lanu, mvula yanu, koma simunabalalike.

Wodutsa pamsewu akuona malata akunyezimira. Ife tikufuna kuthokoza ntchito imene yabisika m'kati mwa khoma, chifukwa ndi imene inakudyerani nthawi ndi mphamvu, ndipo palibe mlendo amene adzaiyamikire.

Tiyambe ndi inu amayi, pa nkhani ya madzi. Simenti siuma ngati matope a mkhate. Imalimba pang'onopang'ono ikamamwa madzi, ndipo konkire imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera 7, mphamvu yake yeniyeni n'kudzakwana patatha masiku 28. Ikasiyidwa padzuwa la Okutobala la kuno ku Kasungu imauma pamwamba pokha, n'kuchita ming'alu, kenako n'kumafumbutuka ukaikanda ndi msomali. Tsono miyezi yomangayi ndi yomweyo imene nazale ya fodya imafuna khasu ndi kheni tsiku lililonse, zitsime za kudambo zitatsika, pa mjigo mzere utatalika. Munali ndi ndowa imodzi ndi malo awiri oifuna. Munkadzuka nkhuku zisanatsike, kutunga a kutchalitchi, kenako a kunazale, a pakhomo n'kukhala omaliza. Bimu yathu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma, ilibe mng'alu chifukwa cha mitu yanu imene inasenza ndowazo. Ambuye akukumbukireni.

Achinyamata, inu munaponda dothi, kuumba ndi chikombole, kuyanika, kupanga uvuni ndi kuchezera moto usiku ndi usana. Chimene tikukuthokozerani koposa n'chakuti munavomera kupatula njerwa. Za m'mbali mwa uvuni sizipsa bwino. Ukagundanitsa ziwiri, yopsa imalira ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu, ndipo ikanyowa imasungunuka. N'zowawa kuika pambali njerwa imene unaikhetsera thukuta, koma munatero. Munkaviikanso njerwa m'madzi musanapatse mmisiri, pakuti youma imayamwa madzi a m'matope a simenti, khoma n'kukhala logwirana mwachiphamaso. Uvuni unadya mitengo yambiri, ichi tisabise. Nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala, ngongole imeneyi tikaibweze pa malo a mpingo.

Abambo a ngolo, ng'ombe zanu zinatuta mchenga wa kumtsinje ulendo ndi ulendo, pamene wa m'mbali mwa msewu unali pafupi. Mchenga wosakanikirana ndi dothi umafooketsa simenti. Kuuyesa kwake n'kosavuta: kuufumbata wonyowa m'manja, ukasiya matope ndiye kuti si wabwino.

Amisiri athu, munakana kuchepetsa muyezo ngakhale pamene thumba la mpingo linapepuka. Pomangira njerwa, thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 limayenda ndi mawilibala atatu a mchenga. Pa konkire ya bimu, thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale. Mayesero amabwera simenti ikatsala pang'ono: kuwonjezera wilibala yachinayi, yachisanu, poti palibe adzaone. Khoma lotero limaoneka bwino chaka choyamba, lachitatu limayamba kuyoyoka. Inu munati bola ntchito iime kusiyana n'kunamiza Mulungu ndi anthu ake, ndipo inaimadi mpaka ndalama za masika zitalowa. Ena anadandaula nthawi imeneyo. Lero tikuti munachita bwino. Munayalanso pulasitiki pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere khoma, ndipo matumba a simenti munawasanja pa matabwa, osati pansi, kuopa kuti angagwirane n'kusanduka miyala.

Pa denga tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mipingo yambiri imalirira mvula yoyamba ikabwera ndi mphepo. Denga lakale silinapite chifukwa malata anali oipa. Linangokhazikidwa pamwamba pa khoma popanda chomangira, ndipo mphepo italowa pa mazenera opanda magalasi inalinyamula kuchokera m'kati. Ulendo uno waya wolimba anakwiriridwa mu bimu konkire isanaume, ndipo thirasi iliyonse, chimango cha matabwa chonyamula denga, yamangidwa ndi wayayo mbali zonse ziwiri. Matabwa anayamba auma, chifukwa aawisi amapindika ndi kulavula misomali, kenako anapakidwa mankhwala a chiswe mpaka kumapeto odulidwa, kumene chiswe chimakonda kulowera. Malata ndi a geji 28. Kwa amene mwina simudziwa, nambala ikakula lata limapyapyala, choncho a geji 32 ndi otchipa koma sachedwa kubooka ndi kung'ambika pa msomali. Msomali wakhomedwa pa msana wa lata, osati mu ngalande yodutsa madzi, ndipo m'mphepete ndi pansonga misomali yachulukitsidwa poti mphepo imayambira pamenepo kukanganula. Akalipentala, munakwera pamwamba lata likuotcha mapazi, ena a inu osalandira kanthu. Zikomo.

Zonsezi zinafuna ndalama, ndipo tikudziwa kumene zinachokera. Wina anapatula ya belo la fodya atangobwera ku msika wa Chinkhoma, ngongole ya fetereza isanathe. Wina anabweretsa ndowa ya mtedza, wina thumba la soya, agogo ena nkhuku imodzi. Pa Pepa Sande munavina mukupereka, koma kunyumba ndiwo zinasintha. Pali nyumba zimene zikanafoleredwa ndi malata chaka chino koma zili ndi udzu. Tikuthokozanso amuna, akazi ndi ana a m'makomo amenewa, kuphatikizapo amene sapemphera nafe, chifukwa nawonso anasenza nawo mtengo wa kudzipereka kwanu. Mfumu Davide anakana kupereka kwa Yehova nsembe yosamudyera kanthu, monga timawerenga pa 2 Samueli 24:24, ndipo mtima womwewo tauona pakati panu. Komabe tinene poyera: sitinafune kuti mwana akhale pakhomo chifukwa fizi yapita ku malata. Pa 2 Akorinto 8:12 Paulo akuphunzitsa kuti chopereka chimalandiridwa molingana ndi chimene munthu ali nacho. Amene munalibe ndalama koma munabwera ndi khasu, dzina lanu lili m'kaundula mofanana ndi la wogula simenti.

Sitikulonjezani kuti amene anapereka thumba limodzi adzakolola khumi. Ena mwa opereka mokhulupirika chimanga chawo chinapserera ndi ng'amba, ena anaika maliro ntchito ili m'kati, ndipo Lamulungu lotsatira tinawaona ali pamalo pawo. Mphoto imene tingailoze ndi chala ndi iyi. Ulaliki sudzadukizidwanso ndi mvula ya Januwale. Ana a Sande sukulu ndi a kalasi apeza pokhala. Agogo amene anasiya kubwera poopa dzuwa abwerera. Anyamata amene anayamba ndi kuperekera njerwa tsopano akudziwa kugwira chingwe ndi levulo, ndipo ena ayamba kuitanidwa ku maganyu a zomanga. Ndiponso pali anthu amene sankapatsana moni chifukwa cha malire a munda, koma pa mzere wopatsirana njerwa sungadumphe mnzako. Unayamba ndi "landirani", unatha ndi kudyera m'mbale imodzi. Abusa akhala akulalikira za chiyanjano kwa zaka, ndipo tachiona chikuchitika pa mulu wa mchenga.

Mafumu athu, zikomo chifukwa cha malo oumbira njerwa ndi chifukwa chosaika milandu ndi misonkhano pa masiku a chitukuko cha mpingo. Abale a mipingo ina amene munatibwereka mabenchi ndi kudzatithandiza kukweza mathirasi, nanunso mukadzayamba yanu mutiitane.

Ntchito yatsala ndi pulasitala, pansi, zitseko ndi magalasi. Mazenera ndiwo achangu, pa chifukwa cha mphepo chimene tafotokoza chija, choncho chopereka chotsatira chipita kumeneko. Ngalande yozungulira khoma ikufunika kukumbidwa madzi a padenga asanayambe kukolopola maziko. Abambo ndi achinyamata, tikumane Loweruka m'mawa ndi makasu ndi mafosholo. Mapemphero othokoza achitika Lamulungu likubwerali m'kati mwa tchalitchi. Pansi pakadali fumbi, ndiye amayi a Chigwirizano awazapo madzi Loweruka madzulo, ndipo aliyense abwere ndi mphasa kapena kampando kake.