Gasiketi ikachucha, yambani mwadziwa kuti ndi iti

Chomwe ndaona kuti ongoyamba kumene umakaniko amachiphonya n'chakuti mawu oti "gasiketi" amatchula zinthu zingapo zosiyana kwambiri. Ya tappet cover, chivindikiro cha pamwamba pa injini, mungasinthe pakhomo Loweruka m'mawa. Ya hedi, chigawo cha injini chomwe muli mavalavu, ndi nkhani ina.

Musanagule kanthu, tsukani injini ikazizira ndi mankhwala ochotsa girizi, muyende makilomita pang'ono, kenako muunike ndi tochi kuyambira pamwamba. Oyilo amatsetsereka, choncho pomwe akudonthera pansi si pomwe akutulukira. Pa injini ya 1ZZ-FE ya mu Toyota Wish, kamphira ka tensioner (chokungira tcheni cha mu injini) kamakonda kuchucha, munthu n'kumanamizira gasiketi. Onaninso valavu ya PCV, yotulutsira mpweya wa mkati mwa injini: ikatsekeka, mpweya umadzadza mkati n'kukankha oyilo ngakhale pa gasiketi yatsopano.

Ngati ndi ya tappet cover, gwirani nokha. Mufunika soketi ya 10 mm, gasiketi yatsopano pamodzi ndi timphira ta mabowo a mapulagi, ndi silikoni wopirira oyilo. Pokagula mumsewu wa Kaguvi ku Harare, atchulireni nambala ya injini, osati dzina la galimoto lokha. Chotsani makoyilo ndi mapaipi, mumasule mabawuti, mugogode chivindikiro ndi chikhatho. Musachitukule ndi sikuludiraiva, aluminiyamu sachedwa kukandika. Palani zotsalira ndi chopalira chapulasitiki, mutatseka mkati ndi nsalu yoyera. Silikoni ndi kadontho chabe, pamalo awiri pomwe chivindikiro cha tcheni chakumana ndi hedi. Ambiri amapaka ponseponse poganiza kuti akulimbitsa, koma wotsalayo amanyotsoka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo mu sampu. Mabawuti amangidwe pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita kunja, mphamvu yake pa 1ZZ-FE ndi 9 mpaka 11 Nm basi (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira bawuti). Mukakakamiza, bawuti imathyoka kapena mazinga amadyeka, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse.

Gasiketi ya hedi imadziulula mwanjira zina: utsi woyera wosatha ngakhale injini yatentha, madzi kuchepa popanda podontha, thovu mu radiyeta, oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Apa wongoyamba aime kaye, ndipo ndikunena motsindika. Vuto si kumasula ayi, koma kuyeza. Injini ikatenthetsa, hedi ya aluminiyamu imapindika, ndipo pa 1ZZ-FE malire ake ndi 0.05 mm, diso silingaone. Iyenera kupita ku engineering, kwa amakina okonzera zitsulo za injini, akaione ngati ili ndi mng'alu, akaipalenso ngati yapindika. Pobwezera, mabawuti ake amamangidwa mwa ndondomeko yake mpaka 49 Nm, kenako n'kuwapotokolanso madigiri 90. Popanda torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, musayerekeze. Tcheni nacho chikaphonya zizindikiro zake, mavalavu atha kugundana ndi mapisitoni. Ndipo chomwe chinatenthetsa injini poyamba, kaya ndi thermostat, fani kapena pampu ya madzi, chikasiyidwa, gasiketi yatsopano ipsanso.

Wofuna kuphunzira ntchito ya hedi apite nayo galimoto kwa makaniko wodalirika, monga a ku Gazaland ku Highfield mumzinda wa Harare, awapemphe mwaulemu kuti, "Bambo, ndiloleni ndiime pambali panu pomwe mukumanga." Atenge kope, alembe ndondomeko ya mabawuti ndi zizindikiro za tcheni makaniko asanatseke injini.